Kambande Kotsala ka Zelipa

Zelipa amakhala ku Khonjeni, pafupi ndi minda ya tiyi. Iye anali ndi kambande kake ka tiyi. Anakabzala yekha m'chubu cha pulasitiki. Kanali ndi masamba awiri okha. Zelipa ankafuna kuti kakule.

Amayi ake amatchola tiyi ku esiteti. Amabwera kunyumba atatopa. Komabe amasamala nazale yawo kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina awiriwo anasanja mbande pamthunzi. Mbande zonse zinali 1001. Kuchuluka kwake, abale inu!

Anasanja khumi pamzere. Khumi pamzere. Khumi pamzere. Misana inapweteka. Manja anachita dzanzi. Mizere inakwana 100.

Koma imodzi inatsala. Kanali kambande ka Zelipa kaja.

Zelipa anakaimika pakokha. Kanagwa. Anakaimikanso. Kanagwanso. Chubu sichiima chokha. Chimaima potsamira zinzake.

"Kasiye, mwanawe," anatero amayi. "Ine ndatopa."

"Amayi, dothi litayika. Kafa!"

Amayi anakhala pansi. Anatambasula miyendo.

Zelipa anamva chisoni. Nayenso anali atatopa. Komabe anatola kamtengo. Anayamba kulemba pansi.

Ziwiri pamzere? Ayi. 1001 sigawika pawiri. Imodzi itsala.

Zinayi pamzere? Imodzi itsala.

Zisanu pamzere? Imodzi itsalanso.

"Ha! Nambala yamakani bwanji!" anatero Zelipa.

Anayasamula. Anapukuta maso. Anayesa 7.

Eee! 7 inatheka! Mizere 143. Palibe yotsala.

"Amayi, tisanje 7 pamzere!"

"Tiphwasule mizere yonseyi?" anafunsa amayi. "Iyayi, mwanawe. Msana wanga wakana."

Zelipa anayang'ana mapazi a amayi. Anali otupa. Anafufuta ndi phazi zonse zimene analemba. Anayambiranso.

Anayesa 8. Inakana. Anayesa 9. Inakana. Anayesa 11.

11 inatheka! Mizere 91. Palibe yotsala.

"Amayi, mverani. Tichotse mizere 9 yokha. Zikhala mbande 90. Kuphatikiza kanga, 91. Mizere yotsala ndi 91. Mzere uliwonse ulandira imodzi."

Amayi anayang'ana pansi paja. Anawerenga pang'onopang'ono. Kenaka anaseka.

"Iwe ndiye wamakani kuposa nambalayo," anatero. "Ndikoke ndidzuke."

Zelipa anawakoka dzanja. Amayi anasuntha nsungwi yotchingira mbande m'mbali. Malo anakula pang'ono.

Imodzi pamzere. Imodzi pamzere. Imodzi pamzere. Zelipa amanyamula. Amayi amaimika. Miyendo inalemera. Koma sanaleke.

Unatsala mzere umodzi. Zelipa anatenga kambande kake. Sanakaike kumapeto. Anakalowetsa pakati penipeni. Zisanu uku, zisanu uku.

Anachotsa manja pang'onopang'ono.

Sikanagwe!

"Amayi, kaima! Kaima!"

"Ndaona, mwana wanga," anatero amayi. "Tsopano ifenso tikhale pansi."

Anakhala pakhonde. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa minda ya tiyi. Amayi anatsamira khoma. Zelipa anatsamira amayi.

"Amayi, mukasuntha ndigwa," anatero Zelipa.

"Sindisuntha," anatero amayi. "Gona."