Mateyala Anayi a Felesita

Felesita anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Joni, m'dera la Alexandra. Felesita anali ndi nkhawa imodzi. Msana wa abambo ake unkapweteka.

Abambo ake anali a Elia. Kale ankagwira ntchito mu mgodi. Ntchito ya mu mgodi inatha. Tsopano ankanyamula katundu wa anthu pa siteshoni ya Park.

Ankasenza sutikesi imodzi. Ankaitula pa basi. Ankabwerera. Ankasenzanso ina. Tsiku lonse, imodziimodzi.

Madzulo ankafika akuyenda mowerama.

"Eish, msana wanga!" ankatero.

Amayi a Felesita ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Fourways. Ankabwera kunyumba Loweruka, n'kubwerera ku ntchito Lolemba. Loweruka lina anabwera akukankha kangolo. Kanali kangolo koyendetsera mwana. Kanali kakale, kong'ambika nsalu.

"Adona amafuna kukataya," anatero amayi. "Ndi kako, Felesita."

Felesita anadumphadumpha. Anagoneka chidole chake m'kangolo. Anakankha. Kwii, kwii, kwii! Mateyala anayi anazungulira.

Anaikamo mwala. Kwii, kwii! Anaikamo chidebe cha madzi. Kwii, kwii! Chidebe chinali cholemera. Koma Felesita sanatope.

Tsiku lina abambo analephera kudzuka. Msana unakana. Anagona chafufumimba pa bedi.

"Lero sindipita ku siteshoni," anatero.

Felesita anayang'ana abambo ake. Anayang'ana kangolo kake. Ankakakonda kwambiri kangoloko. Analibe choseweretsa china chokongola chotere.

Anachotsamo chidole. Anachibereka kumbuyo ndi nsalu.

"Ababa, tengani kangolo kanga."

"Iai, mwanawe. Nanga mwana wako ayendera chiyani?"

"Ndizimubereka. Iye ndi wopepuka. Masutikesi ndi olemera."

Abambo anagwedeza kangoloko ndi dzanja. Kenako anati, "Koma kangoloka ndi kofooka. Kathyoka."

"Mateyala ndi olimba," anatero Felesita. "Ndawayesa ndi chidebe."

Felesita anakankhira kangolo kwa a Binali. A Binali ankawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yawo. Masiku amenewo ntchito inkawasowa.

A Binali anagwira teyala. Analizunguza ndi chala.

"Mateyala abwino awa," anatero. "Ima patali, mwana iwe. Usayang'ane moto."

Thethethe! Moto unathetheka. Kangolo kanaphwasuka. Misozi inalengeza m'maso mwa Felesita. Koma sanalire.

Pofika madzulo, panali ngolo yachitsulo. Inali yaitali. Inali yolimba.

Msana utakhalako bwino, abambo anapita nayo ku siteshoni. Anakweza sutikesi imodzi. Anakweza yachiwiri. Anakweza yachitatu. Pamwamba anasanjika thumba la mabulangete. Zonse ulendo umodzi!

"Bambo a ngolo, kuno!" anthu ankaitana. "Kunonso!"

Anthu anali ambiri. Ngolo inali imodzi.

Tsiku lina kunyumba kunabwera Mlungisi. Anali mnyamata wamkulu wa nyumba yoyandikana nayo. Analibe ntchito.

"Sawubona, baba," anapereka moni m'Chizulu. "Kodi ku siteshoni ntchito ilipo?"

"Ntchito ilipo," anayankha abambo. "Ngolo ndiye palibe."

Loweruka onse anakhala pansi. Abambo anali atasunga kandalama. Ankafuna kugula wailesi.

"Tigule wailesi kapena mateyala?" anafunsa.

Felesita anaganiza. Nayenso ankafuna kumva nyimbo.

"Ababa, kodi wailesi imanyamula katundu?"

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwamumva mwana wanu, bambo a Felesita?"

Abambo anagula mateyala.

A Binali anawotcherera ngolo yachiwiri. Mlungisi anayamba ntchito. Patapita miyezi, ngolo zinakhala zitatu.

Mayi Busi, ogulitsa mandasi, anaiona ngolo ya Mlungisi.

"Inenso ndikufuna yanga," anatero. "Dengu limodzi pamutu silikwana."

A Binali anatanganidwa. Anaitana mlongo wake wa Mlungisi kuti aziwathandiza. Anamuphunzitsa kudula zitsulo. Anamuphunzitsa kupaka penti. M'mawa uliwonse msewu wonse unkamveka kwii, kwii, kwii!

Lamulungu ngolo sizinkapita ku siteshoni. Abambo anatsuka ngolo yawo. Anayalamo bulangete.

"Lero katundu wanga ndi inu," anatero. "Kwerani."

Felesita anakwera.

"Amayi, kwerani!"

"Ine? Munthu wamkulu ngati ine? Anthu andiseka!"

"Kwerani, amayi a Felesita," anatero abambo. "Mumaimirira sabata yonse."

Amayi anayang'ana uku ndi uku. Anagwira diresi lawo. Anakwera.

Abambo anakankha. Anayamba pang'onopang'ono. Kenako anathamanga. Ana a mumsewu anathamangira pambuyo.

"Pang'onopang'ono, inu!" anakuwa amayi, akuseka.

"Thamangani, ababa!" anakuwa Felesita. "Thamangani!"