Elube Ayamba Kubayitsa

Elube anali monitala wa Sitandade 3. Sukulu yake inali m'munsi mwa phiri, kufupi ndi Msakambewa. Elube sankaopa agalu. Sankaopa mabingu. Koma jakisoni ankamuopa kwambiri.

Lachitatu m'mawa kunamveka njinga yamoto. Anali mayi Elizabeti, a zaumoyo. Kumbuyo kwa njinga anamangirira bokosi. M'bokosimo munali katemera.

"Jakisoni! Jakisoni!" ana anakuwa.

Ena anabisala kuseri kwa kalasi. Ena anathawira kufupi ndi munda wa chimanga.

Aphunzitsi anati, "Elube, ika anzako pamzere."

Mtima wa Elube unagunda. Gu! Gu! Gu!

"Imani pamzere!" Elube anakuwa. Palibe anasuntha.

"Imani pamzere!" anakuwanso. Palibe anasuntha.

Andireya, mnzake wa m'kalasi, anamuloza chala. "Iwe ukungouza ife. Nanga iweyo waima pati?"

Elube anayang'ana pansi. Zoonadi, anali ataima kutali ndi tebulo la katemera.

Kenako anaona mlongo wake Trust, wa Sitandade 1. Trust anali atalowa kale m'chimanga. Ankalira.

"Achemwali, tiyeni tithawe!" Trust anaitana.

Elube ankafuna kuthawa. Ankafunitsitsa. Koma iye akathawa, Trust athawanso. Trust akathawa, matenda adzamupeza.

Elube anayamba kuyenda. Sukulu yonse inkamuyang'ana.

Anafika patebulo. Anapinda mkono wa yunifolomu.

"Mayi, ndikuopa," Elube ananong'ona.

"Ndikudziwa, mwananga," anatero mayi Elizabeti. "Yang'ana kuphiri. Undiwerengere mbuzi zili uko."

Elube anayang'ana kuphiri. "Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Mayo!"

"Basi, tamaliza."

Elube anatembenuka. Msozi umodzi unatsika patsaya.

"Wawawa?" Andireya anafunsa.

Elube sananame. "Wawawa pang'ono, ngati linthumbu landiluma. Koma wasiya kale."

Ana anayang'anizana.

Chimanga chinagwedezeka. Trust anatuluka pang'onopang'ono. Anagwira dzanja la Elube zolimba.

"Achemwali, musandisiye."

"Sindikusiya," anatero Elube. "Tiwerengera limodzi mbuzi."

Andireya anakanda m'mutu. Kenako anaima kumbuyo kwa Trust. Wina anabwera. Winanso anabwera. Mzere unatalika mpaka pamtengo wa mango.

Masana Elube ndi Trust anafika kunyumba. Amayi anali kusoka fodya m'chigafa.

"Amayi, onani mkono wanga!" Trust anafuula. "Ine sindinathawe!"

"Mwana wolimba mtima! Anayamba kubayitsa ndani?"

"Achemwali. Analira pang'ono, koma anayamba ndi iwo."

Amayi anasiya fodya pansi. Anakumbatira ana awo onse awiri mwamphamvu.

"Amayi, mkonowo!" onse awiri anakuwa.

Amayi anawasiya msanga. Ndipo onse atatu anaseka mpaka misozi.