Tsitsi la Merowald pa Mkondo

"Tsitsi ili? Lumo silidzalikhudza mpaka kalekale. Wolifuna ayambe wadula mutuwu, alitengere kumodzi."

Woyankhulayo anali Merowald, mwana wa mfumu, ataima pakati pa msika wa ku Metz, uku akupukusa tsitsi lake lofika m'chiuno. Ankauza Odelinda, mtsikana wogulitsa zipeso za mafupa, amene sanamufunse n'komwe.

Paja kwathu kuno kwa Afulanki tsitsi lalitali ndi la ana a mafumu okha. Akakumeta, ufumu wapita, palibenso msilikali angakunyamule pa chishango pokulonga ufumu. Ndiye Merowald ankasamala tsitsi kuposa mmene ankasamalira zam'kati mwa mutumo.

Odelinda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndamva, bwana wanga. Nanga nsabwe zake, nazonso ndi zachifumu?"

Mayi wogulitsa anyezi pambali pake anabisa nkhope m'dengu.

"Ndilibe nsabwe ine."

"Ndiye ikuyenda pakhosiyo yangobwera kudzacheza?"

Merowald anadzimenya khofi pakhosi. Panalibe kanthu. Anayang'ana dzanja, n'kuyang'ana mtsikanayo, kenako anaseka mpaka anagwira tebulo. Anagula chipeso.

M'mawa mwake anabweranso, ati chathyoka. Mkuja wake chimodzimodzi.

"Bwana," anatero Odelinda tsiku lachinayi, "zipeso za bambo anga sizithyoka chonchi pokhapokha munthu atachita kuziluma. Ngati mukufuna kundiona, ingonenani. Mano mutha nawo."

Zinayambira pamenepo. Masana alionse Merowald ankakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba ya bambo a Odelinda, pansi pa mtengo wa maapulo, mtsikanayo akumupesa. Akatha ankamuluka chingwe chimodzi kumanzere n'kuchimanga ndi ulusi wofiira.

"Njuchi yanga," ankatero Merowald, maso ali chitsinzinire. "Umaluma, koma uchi wako wandimaliza."

"Khalani phee, mukugwedeza mutu."

"Tsiku lomwe adzandinyamule pa chishango, iwe udzakhala pambali panga. Ndidzakuveka golide mpaka udzalephera kuyenda."

"Golide ndimutani ine? Ndikufuna mwamuna wokhala ndi khosi, mutu uli pamwamba pake. Munaonapo mwana wa mfumu wa imvi kuno?"

Merowald ankangoseka n'kumupsompsona m'manja. Koma Odelinda sankanena nthabwala. Mtima wake unali utapita kale, ndipo ankadziwa kuti wausungitsa pamalo poterera.

Nyengo yozizira ikutha, mfumu inamwalira. Maliro asanazizire, Dagomar, bambo ake aang'ono a Merowald, anakhala pa mpando. Anaitana akulu ake awiri a Merowald kuphwando la nyama ya nkhumba ndi mowa. Analowa akuyenda okha, anatuluka atanyamulidwa. Merowald, amenenso anaitanidwa, anapulumuka chifukwa anachedwa: anali pa chitsa paja, akupesedwa.

Tsiku limenelo Odelinda anamugwira malaya.

"Mtima wanga, ndimvereni kamodzi kokha. Lumo ndi ili. Ndikumeteni, tipite kumapiri kwa azakhali anga. Munthu wometedwa, Dagomar alibe naye ntchito."

"Ndizioneka ngati woweta nkhumba? Ine?"

"Oweta nkhumba amakalamba."

"Ndinanena kale, njuchi yanga. Mutu uyambe." Anatenga chipeso n'kuchilowetsa m'malaya. "Ndibwera ndili mfumu. Undidikire."

Anakwera hatchi, tsitsi likuuluka kumbuyo. Kukongola anakongoladi. Koma kodi kukongola kumatchinga lupanga?

Uthenga wa Merowald unkabwera ndi a Gaiso, mkulu wogulitsa mchere, amene ankaunena akuyang'ana pansi ndi manyazi.

"Akuti, 'Uuze njuchi yanga kuti chipeso chake chimagona pamtima panga.' Mwana iwe, ine ndili ndi zidzukulu, mawu otere andipweteketsa."

"Mukawauze kuti chipeso si chishango."

Ulendo wachiwiri: "Akuti, 'Asilikali mazana atatu ali nane, koma palibe wodziwa kuluka ngati iwe.'"

"Mukawauze kuti ndikuwasowa," anatero Odelinda. A Gaiso anadikira kuti mwina pabwera chipongwe pamapeto. Sichinabwere.

Ulendo wachitatu a Gaiso anabwera ndi mchere wokha.

Inali nyengo yometa nkhosa pamene asilikali a Dagomar analowa mumsika akuimba malipenga. Wotsogola ananyamula mkondo wautali, ndipo kunsonga kwake kunkalendewera tsitsi.

"Onani Merowald, amene ankafuna mpando wa mfumu!"

Odelinda anaona ulusi wofiira uja. Mfundo yake anaidziwa, inali ya zala zake. Anangokhala pansi pakati pa zipeso.

Mumsika monsemo munalibe amene anafunsa kuti nanga mutu uli kuti. Afunsirenji? Ndani ku Metz amene sanamvepo Merowald akulumbira? Ngati tsitsi lili pa mkondo, ndiye kuti mutu unayamba kale.

Odelinda analira mpaka mawu anatha. Kumsika ankapitabe, poti bambo ake anali okalamba, koma nthabwala zinauma. Mnyamata wina wa nsabwe zenizeni anagula chipeso n'kuchoka osanyozedwa. Mayi wa anyezi uja anapukusa mutu: mwanayu wapita.

Masana ankapita kuseri n'kukhala pa chitsa. Ankadzifunsa: bwanji sanangomumeta mokakamiza? Akanamuda, inde, koma si bwenzi akumuda ali moyo?

Patatha masabata atatu, pa tebulo pake panaima munthu wonunkha nkhosa, atafunda chiguduli kumutu mpaka m'maso. Anaika chipeso patebulo.

"Chathyoka," anatero chapansipansi.

Odelinda anayang'ana chipesocho. Mano atatu anali atachoka, ndipo pamalopo panali zizindikiro za kuluma.

"Akufa sagula zipeso," ananong'ona.

"Njuchi yanga, usakuwe."

"Tsitsi lija ndinaliona pa mkondo. Ndi maso angawa."

"Nkhondo inatikanika. Anthu anga anabalalika, ine ndinathawira m'khola momwe abusa ankameta nkhosa. Asilikali ankafuna munthu mmodzi yekha, watsitsi lalitali. Ndinamva mahatchi akuyandikira, lumo la nkhosa lili apo. Tsitsilo analipeza pa mulu wa ubweya, ndipo sakanakauza Dagomar kuti mwiniwake wawapulumuka."

"Paja munati mutu uyambe?"

"Ndinatero. Koma ndinakumbukira kuti kuli wina amafuna mwamuna wokhala ndi khosi."

Odelinda anafuna kumumenya, anafunanso kumukumbatira. Anangomugwira dzanja pansi pa tebulo n'kulifinya mpaka mwamunayo anasisima.

"Masabata atatu ndikulira! Osatumiza ngakhale a Gaiso?"

"Ndimayenda wapansi. Sindinadziwe kuti dziko ndi lalitali chonchi ukakhala wopanda hatchi."

"Tsitsitu limamera. Likangofika m'mapewa, asilikali a Dagomar abweranso."

"N'chifukwa chake ndabwera. Ndikufuna mkazi woti azindimeta mwezi ndi mwezi mpaka ndidzachite imvi. Golide ndilibe. Azakhali ako aja akadali kumapiri?"

Odelinda anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Sindigula chinthu ndisanachione. Vula chigudulicho."

"Pamsika pano?"

"Vula, wokondedwa wanga."

Merowald anayang'ana uku ndi uku, n'kuchikokera pansi pang'onopang'ono. Mutuwo unali wa zigambazigamba, pena mpala, pena tinsonga, khutu limodzi lili ndi chipsera cha lumo. Anaimika khosi, akudikira kuti msika wonse ukuwe dzina lake.

Anthu ankangodutsa. Mayi wa anyezi uja, amene anamuona tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, anamuyang'ana bwinobwino n'kukwinya mphuno.

"Odelinda, m'busa wa mpalayu chipeso akufuna akapese chiyani?"