Benzi Yodontha Magazi

Takondwa, mtsikana wokonza magalimoto, anali chigonere pansi pa galimoto pamene anakumana ndi Morton, pa garaja ina m'mbali mwa msewu ku Malosa. Anayamba waona nsapato zopolishidwa, mawu n'kubwera pambuyo.

"Amakaniko ali kuti?"

"Ndi ineyo," anayankha Takondwa akutuluka.

"Ndiye kuti Benzi yanga yachita mwayi," anatero Morton akumwetulira.

Inali Benzi yakalekale ya otomatiki. Oyilo wa giyabokosi, wofiira uja, ankatulukira pa kalabala kozungulira ndodo yosinthira magiya. Kalabalako kanali kosowa, moti Takondwa anachita kuitanitsa ku Joni. Akudikira katunduyo, chikondi chinayamba.

Mameseji a Morton ankachita kutsatizana. "Wapamtima wanga, Khirisimasi isanafike ndikaonekera kwa amalume ako." Lachisanu lililonse Morton ankatsanzika kuti akupita ku Lilongwe kukaona bizinesi, pa Benzi yomweyo, n'kubwerako Lolemba.

Takondwa ankatha kudziwa matenda a injini ndi khutu lokha, koma bodza la mwamuna sanalimve. Ndani amafunsa mafunso akamatchedwa wapamtima?

Lolemba lina m'mawa, nkhungu itatsika m'phiri n'kuphimba chigwa chonse, pagaraja panafika mayi wina wa maso otupa.

"Ndine Bernadette, ndimaphunzitsa cha ku Domasi Mission. Tiyeni mukaone chinthu kwathu, koma amuna anga asadziwe."

Pakhomopo panali zii. Pansi pa mtengo wa mango panali banga lofiira, lalikulu ngati lichero, lozunguliridwa ndi mchere ndi phulusa. Galu wa pakhomopo ankalilambalala, mchira uli pakati pa miyendo.

"Galimoto ya amuna anga imakha magazi," ananong'ona Bernadette. "Anthu akuti anakhwimira chuma. Ana ndinawaletsa kusewera apa. Ine tulo ndinaiwala."

Takondwa anagwada, n'kugwira bangalo ndi chala, n'kununkhiza. Fungolo ankalidziwa.

"Si magazi awa, mayi. Ndi oyilo wa giyabokosi. Koma galimoto zakalezi sizidontha chonchi zikamayenda. Zimafuna ziime masiku awiri atatu osaliza, oyilo abwerere pansi mpaka afike pa kalabala kotha."

"Eya, imaima pompa kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, chaka chachisanu chino. M'kati mwa sabata a Morton amakhala ku Lilongwe kubizinesi."

Lilongwe wa Takondwa anali pansi pa mango pomwepa, ndipo Lilongwe wa Bernadette anali Takondwa. Takondwa anapukutira chala chija pa ovolosi yake.

Foni inalira m'thumba la ovolosi. Inali meseji ya Morton: "Ndafika bwino kuchokera ku Lilongwe, wapamtima. Wandisowa?"

Bernadette anali akulira ndi chimwemwe. "Ndiye kuti amuna anga si mfiti! Achemwali, mwapulumutsa banja langa."

Takondwa akanatha kungochokapo osanena kanthu. Koma amusiye bwanji mnzake akuthokoza Mulungu chifukwa cha bodza?

Takondwa anapisa m'thumba n'kutulutsa kalabala katsopano kaja. Kanafika Loweruka, ndipo ankafuna kumudzidzimutsa nako Morton. Anakaika m'dzanja la Bernadette, pamodzi ndi foni, meseji ili poonekera.

"Kalabalaka mukawapatse, akapeze makaniko wina. Muwauzenso kuti amalume anga asiya kudikira."

Bernadette anawerenga mesejiyo kawiri. Kenako anakhala pansi pafupi ndi banga lija, osaliopanso.