Mota ya M'chifuwa cha a Lufeyo

M'chifuwa cha a Lufeyo Chikakuda munali kamota kochepa ngati chala chamanthu. Kankazungulira maulendo zikwi zisanu ndi zitatu pa mphindi, kupopa magazi m'malo mwa mtima umene madokotala anachotsa. Ukaika khutu pachifuwapo sunkamva kugunda ayi, koma kulira kwapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Amene anapanga kamotako anali akazi awo omwe, a Ndaziona, injiniya wa zamagetsi ku Zomba. M'zaka za m'ma 2060 mitima yopanga inkakhala ndi kachipangizo koyeza liwiro la mota, koma magazi ankakawononga, ndipo kakafa wodwala naye ankatsatira. A Ndaziona anakachotseratu. M'malo mwake anaikamo kakompyuta kamene anakatcha Kamvetsera. Motayo sikankaiona. Kankangoyeza magetsi amene mota ikukoka ndi amene ikubweza m'mawaya, n'kuwerengetsa liwiro lake. Munthu akamakwera chitunda kankawonjezera mphamvu, akakhala pansi kankachepetsa.

"Ndiye kuti kamangoganizira?" anafunsa a Lufeyo asanalowe kuopaleshoni. "Nanga tsiku limene kadzaganize molakwa?"

"Sikalakwa, bambo a Tionge. Ndakayesa zaka zisanu ndi chimodzi."

"Chabwino. Poti mwanena ndinu."

A Lufeyo anakhala nako kamotako zaka zinayi. Anabwerera kumunda wawo wa mbatata, nayambanso kuimba kwaya. A Ndaziona ankavala wotchi yoonetsa liwiro la kamotako, ndipo ankaiyang'ana kawirikawiri kuposa m'mene ankaimbira foni kunyumba.

Lachiwiri lina anali kuphunzitsa kuyunivesite tsiku lonse. Katatu konse anasuzumira pawotchi. Inkaonetsa zikwi zisanu ndi ziwiri, ndi mawu akuti zonse zili bwino. Anangoti abambo agona masana.

Atafika kunyumba cha m'ma folo, anawapeza pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, chipewa chili pamaondo, maso atatseguka pang'ono. Anawaitana kawiri. Anagwira dzanja, linali lozizira. Chifuwa sichinkakwera kapena kutsika, koma m'kati mwake kamota kankalirabe.

Kuchipatala, Dokotala Nyirongo, amene anachita opaleshoni ija, anawakhazika pansi.

"Mayi Chikakuda, mtsempha wa mu ubongo unaphulika cha m'ma leveni m'mawa. Kupuma kunasiya nthawi yomweyo."

"Wotchi sinanene kanthu."

"Sikananena. Mota inkazungulira bwinobwino. Kamvetsera kanaona thupi ladekha, n'kuchepetsa liwiro monga kamachitira munthu akagona." Dokotala anavula magalasi. "Sindingalembe kalata ya imfa mota isanaime. Ndipo nambala yoimitsira muli nayo ndinu nokha."

Zinali zoona. A Ndaziona anachita dala kuti munthu wina asathe kuizimitsa.

Pakhonde la wodi panali patadzaza abale, atakhala chete. Mlongo wake wa malemu, a Nasimango, anaimirira atamanga kale chitenje m'chiuno.

"Alamu, tiuzeni. Tiyambe kulira kapena tidikire? Ine ndalowa, ndamva pachifuwa pakulirabe."

"Dikirani pang'ono," anatero a Ndaziona.

Analowa okha. Anakoka mpando, natsegula kompyuta ya chipatala, nalemba nambala zija mosalakwitsa ngakhale imodzi. Anangoona kuti kolala ya malaya a amuna awo yapindika, naiwongola.

Manambala anayamba kutsika. Zikwi zisanu. Zikwi ziwiri. Mazana asanu ndi limodzi. Kulira kuja kunanka kuzilala. Mota ikamayenda pang'onopang'ono chotero, magetsi obwerera amachepa kwambiri moti Kamvetsera sikamvanso kanthu. Vuto limeneli ankalidziwa kuyambira kale, koma sanalikonze, poti panalibe munthu wamoyo amene mtima wake ukanatsika kufika pamenepo. Pakompyuta panatuluka mawu akuti liwiro silikudziwika.

Dokotala anasuzumira pakhomo, cholembera chili m'manja.

"Ndilembe nthawi yanji, mayi?"

A Ndaziona anayang'ana kompyuta, anayang'ana amuna awo.

"Lembani imene mukufuna."

Atatero anatuluka n'kuwagwedezera mutu a Nasimango. Maliro anabuka khonde lonse. A Ndaziona anakhala pabenchi, manja pamiyendo, akuganiza za anthu ena mazana atatu amene ankayenda ndi kamota komweko m'dziko muno, ndi kuti aliyense wa iwo akadzamwalira padzafunika wina womuuza kuti basi, zatha.