Madesiki Awiri a m'Sukulu Nambala 43

Lolemba m'mawa, Mayi Verna Holmquist atatsegula chitseko cha Sukulu Nambala 43, anapeza madesiki awiri atachoka pamzere. Lalikulu ndi laling'ono, onse anali atakokeredwa pafupi ndi mbaula yachitsulo ya pakati pa chipinda. Sukulu ya chipinda chimodziyi inatsekedwa kalekale, ndipo tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Makiyi ake akhala ndi Mayi Verna zaka khumi ndi zinayi. Iwo anabwezera madesikiwo m'malo mwake. Lachiwiri anawapezanso pambaula. Lachitatu chimodzimodzi, loko ali chitsekere.

M'tauni anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati ndi mizimu, koma ambiri ankati mayiwo ayamba kuiwala, amakoka okha madesikiwo.

"Mayi Holmquist, ukalamba si mlandu," anatero Bambo Lyle Petracek, wapampando wa komiti yoyang'anira nyumbayo. "Loweruka tikumana. Mwina makiyi apite kwa wina, inu mupume."

"Ndipume? Bwanji osangondikumbira manda? Ndinaphunzira kuwerenga m'chipinda chino inu musanabadwe!"

Lachinayi usiku Mayi Verna anakhala m'galimoto yawo, maso ali pachitseko. Palibe amene analowa. M'mawa madesiki anali pambaula.

Lachisanu anadzitsekera m'kati, nakhala pansi kuseri kwa tebulo la mphunzitsi, tochi ili m'manja. Mdima unali wa ndiweyani. Mphepo yochokera m'minda ya chimanga yokololedwa inkaliza mawindo, chingwe cha belu chikugunda khoma pang'onopang'ono. Pakati pa usiku anamva chinthu chikukhwekhwerezeka pamatabwa, kwee, n'kuima, kwee, n'kuimanso. Patapita nthawi, kachitseko kakumbuyo kolowetsera malasha kanalira, munthu n'kukwawira m'kati akupumira m'mwamba.

Mayi Verna anayatsa tochi. Anali Orval Tietjen, nkhalamba imene anaphunzira nayo ali ana.

"Iwe Orval! Mbuzi iwe! Tauni yonse ikunditcha wamisala chifukwa cha iwe!"

"Chotsa tochiyo m'maso mwanga, Verna," ananong'ona mokalipa. "Mwandandalika madesiki ngati asilikali kuti alendo ajambule zithunzi. Ndani ankakhala pamzere nyengo yozizira? Tinkakokera madesiki pambaula, apo ayi inki inkaundana m'botolo. Ndinawauza a komiti kawiri konse. Anandiseka, poti bambo anandichotsa sukulu kuti ndizikolola chimanga. Munthu wosamaliza sukulu angadziwe chiyani?"

"Zimenezo ukazinene mawa pamaso pa Lyle. Ukanene kuti ndiwe amene wakhala ukukoka madesiki awiriwa."

"Langa lokha. Laling'onolo usandinamizire."

"Ukuti chiyani?"

"Ndi la Ardis. Wamuiwala?"

Mayi Verna sanamuiwale. Ardis, mlongo wake wa Orval, ankakhala pafupi ndi chitseko, pamene mphepo inkalowera. Chibayo chinamutenga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Sabata yatha munasintha malo, desiki lake n'kulibwezera pakhomo pomwepo," anatero Orval. "Lamlungu usiku ndikudutsa ndinamva phokoso, n'kulowa. Ndinalipeza lili kale pambaula. Usiku uliwonse ndimalipeza pamenepo. Ine ndimangokokera langa pambali pake, asakhale yekha."

Mayi Verna anatembenuza tochi pang'onopang'ono. Desiki lalikulu linali likadali pamzere. Laling'ono, limene iwo eni analiika pakhomo madzulo omwewo, linali litatsamira mbaula yozizirayo.

Loweruka analowa mu msonkhano mochedwa, naponya makiyi patebulo mpaka khofi wa Bambo Lyle anatayika.

"Madesikiwo akhala pambaula mpaka chisanu chithe. Umu ndi mmene tinkakhalira, Orval Tietjen ananena zoona. Wofuna makiyi atenge. Koma ayambe wabwezera laling'onolo pakhomo ndi manja ake, kenako agone m'menemo usiku umodzi."

"Mayi Holmquist, ndani amakoka madesikiwo?" anafunsa Bambo Lyle.

"Tengani makiyi, Bambo Lyle, mukaone."

Anthu asanu ndi mmodzi a m'komitiyo anayang'ana makiyiwo. Palibe amene anatambasula dzanja.