Kalongonda wa Kingstone

Wabwera, anzanga, Kingstone wabwera! Watsika minibasi pa Boma ku Mulanje kuno dzulo masana, wamoyo, manja opanda unyolo, ndipo mayi uja wa ku Kenya watuluka m'chipatala akuyenda yekha! Sukulu yokha ndiyo yapita. Koma dikirani, muimve kuchokera pachiyambi.

Kingstone anakulira m'nyumba ya mapemphero kumalayini a esiteti, bambo ake othyola tiyi, mayi ake a Mvano. Atapeza mwayi wokaphunzira ulimi wa tiyi ku Kenya, mpingo wonse unamuperekeza ndi nyimbo. Mayi ake anamuikira m'chikwama kathumba ka kalongonda wouma, nyemba zija zokhala ndi poizoni zikapanda kuphikidwa bwino.

"Ukadzapukwa kwanu, udzaphike ameneyu. Koma wamva? Waulesi saphika kalongonda. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Madzi akada, taya, thira ena. Akadanso, tayanso. Ukathamanga naye upha munthu."

"Amayi, ine ndikupita ku koleji, osati kokaphika nyemba," anayankha choncho, maso ali pafoni.

Tchuthi cha Khirisimasi chitafika, Kingstone sanabwere kumudzi. Mphunzitsi wina wachifundo anatenga ophunzira ochokera kunja kuti akakhale kwake. Kumeneko anagona chipinda chimodzi ndi Godwin, mnyamata wa ku Lilongwe, katswiri wa botolo. Sabata isanathe, Kingstone anali atasiya kupemphera, kusesa, ngakhale kutsuka mbale yomwe wadyera.

Bambo ake atamuimbira foni anazindikira msanga.

"Iwe, lilime lakolo likulemera bwanji masana ano? Wayamba mowa m'nyumba ya eni?"

"Bambo, zanu ndi dengu kumsana. Za kuno simungazimve."

"Dengu lomwelo ndi limene lakufikitsa kumeneko, chitsiru iwe!"

Kingstone anadula foni.

Tsono mphunzitsi uja anapempha kuti pa Khirisimasi mlendo aliyense aphike chakudya cha kwawo. Anzake anadzuka mamawa. Kingstone anadzuka dzuwa lili paliwombo, mutu ukugunda ndi mowa wadzulo. Anatereka kalongonda, madzi n'kuda bii. Anagwira mphika kuti akataye.

"Aise, ukutaya msuzi?" anatero Godwin. "Thira tomato basi, mpira ukuyamba. Akudziwa ndani kuno?"

Godwin sankamudziwa kalongonda. Kingstone ankamudziwa bwinobwino. Mawu a mayi ake anamveka m'khutu, koma ulesi unapambana. Anathira tomato, n'kuphula.

Patebulo, mkazi wa mphunzitsiyo, pofuna kusangalatsa mlendo, anadya mbale yonse n'kuwonjezeranso. Enawo, poona kuda kwake, sanamukhudze. Kingstone anadya mpunga wokha. Pasanapite nthawi mayiyo anayamba chizungulire, kusanza, kenaka kubwebweta, mwamuna wake yemwe osamuzindikira. Anathamangira naye kuchipatala.

Mphunzitsiyo pobwerako anamugwira Kingstone pakhosi pa malaya.

"Ndakusunga ngati mwana wanga. Tandiuza, bwanji iwe sunadyeko?"

Kingstone anatembenukira kwa Godwin.

"Ine ndinamuuza kuti zakuda chonchi n'zosadya," anatero Godwin, akulongedza chikwama chake.

Apolisi anabwera. Masiku atatu Kingstone anali m'chitokosi, akudziwa kuti mayiyo akangomwalira, Mulanje sadzamuonanso. Atamulola kuimba foni, anaimbira mayi ake akulira.

"Madzi unataya kangati?" anafunsa mayi ake.

"Sindinataye."

"Usandilirire ine. Lirira mwana wa eni amene wamugoneka m'chipatala. Gwada pomwepo upemphere, mwina Mulungu akumvera, ine ndatopa."

Ndipo anagwadadi, anzanga, pasimenti pomwepo! Tsiku lachinayi mayi uja anatsegula maso n'kuitana mwamuna wake ndi dzina. Atamva zonse anati mlandu uthe, mnyamatayo apite kwawo. Koleji yokha sinamve zimenezo. Inamuchotsa.

Dzulo atafika pakhomo, bambo ake sanamupatse dzanja. Kingstone anagwada pafumbi, anthu a m'malayini akusuzumira m'mawindo.

"Ndinalakwa, bambo. Dengu lija ndipatseni, ndithyola nawo."

Bambowo anamuyankha ali chiimire.

"Dengu udzalipeza Lolemba. Uyambe waphika kalongonda pabwalo pano, wekha, anthu akuona. Ndipo woyamba kudya ndiwe."

Mayi ake apo ndi pamene anamudzutsa, n'kumupukuta fumbi m'maondo ndi chitenje chawo.

Ndiye imvani, inu amene mukulota zokaphunzira kunja: mowa umabala ulesi, ndipo ulesi wa tsiku limodzi ukhoza kupha munthu amene wakulandira m'nyumba mwake. Kingstone anachenjezedwa, anadziwa, n'kuchitabe dala. Wapulumuka mwa chisomo chokha, koma sukulu sadzaionanso.

Nkhuni watema kale, madzi watunga migolo iwiri. Anzanga Lucy, Marjory, nonse a Fomu 2, mawa ndi Loweruka, palibe chonamizira! Bwerani m'mamawa kumalayini mudzaone mnyamata wa ku koleji akutaya madzi akuda mpaka dzuwa kupendeka. Mubwere ndi masipuni, koma tidikire ayambe iyeyo!